Kamita Kamwa Madzi

Kanabwera m'katoni ya nsapato kuchokera ku Joni,
kochepa ngati bokosi la machesi,
ndi kakalata ka Yotamu, mwana wanga wachiwiri:
"Adadi, muzidziwako mtunda umene mumapalasa."
Ine zaka makumi awiri ndi zitatu,
Dzivarasekwa mpaka pageti la azungu ku Avondale,
sindinafunsepo munthu kuti ndi makilomita angati.
Mawondo ankandiuza okha.

Komabe ndinakamangirira pahandulo,
maginito pasipoko, waya ndi mphira ya chubu chakale,
ndipo kanayamba kundiwerengera moyo:
khumi ndi anayi popita,
khumi ndi anayi pobwera,
kuphatikiza imodzi ndikakhotera kobiliwiza tomato wa Mai Rudo ndi maso.
Alonda anzanga ankadzasuzumira
ngati ndagula galimoto.

Njinga ndimasambitsa Loweruka.
Lamulungu Esinati salola.
Kuno madzi a pampopi amabwera ngati munthu wangongole,
usiku, mozemba, osakhalitsa,
ndiye theka la chigubu cha pamjigo liyenera kukwana.
Kansanza ka yunifomu yakale n'ka felemu,
mswachi wothothoka ndi wa tcheni,
oyilo wa mashini osokera, dontho, dontho.
Kamita sindinkakakhudzitsa madzi.
Ndinkangokauzira mpweya wa m'kamwa
n'kukapukuta ndi chala chachikulu.

Koma Disembala uja matope a mumsewu wa Kirkman
anamata madigadi mpaka tayala kulira,
ndipo mnyamata wotsuka magalimoto, Takudzwa,
anandikodola: "Mudhara, bweretsani kuno,
mphindi ziwiri basi, simulipira."
Zaulere zija.
Paipi yake inali yolusa,
madzi ake ochita kuboola khungu.
Dothi la zaka linathawa m'makona
momwe mswachi wanga sunafikemo.
Njinga inawala ngati ya m'sitolo
ndipo ine ndinaseka, mano onse pamtunda.

M'mawa mwake m'kagalasi munali nkhungu,
nkhungu ya m'kati, yosapukutika.
Nditaima pamaloboti, phazi lili pansi,
kakuti ndikuthamanga eyite eyiti.
Pachitunda, thukuta kamukamu, mtima uli m'khosi,
kakuti ziro.
Lachitatu manambala anayamba kuthothoka miyendo,
eyiti kusanduka fili,
seveni kutsala kamtengo kokha.

Ndinakakwirira mumpunga.
"Wa Khirisimasi umenewo," anatero Esinati,
osatembenuka n'komwe.
Masiku atatu kali m'thumba ngati mbewu,
sikanamere.

Ku Siyaso, ku Mbare, mkulu wina wa magalasi omanga ndi waya
anakatsegula ndi nsonga ya mpeni.
Pabatire panali zobiriwira ngati ndere.
"Kamwa madzi aka, sekuru.
Mvula kamapirira, imagwa mwaulemu.
Koma paipi ija siigogoda pakhomo."
Anandilipiritsa dola imodzi
pondiuza zomwe ndinkazidziwa kale.

Amati madzi akatayika saoleka.
Sananene kuti akalowanso satuluka.

Kadakali pomwepo, pahandulo.
Masana ena dzuwa likakwiya
kamatsegula diso, kulemba chinachake
chosakhala nambala, chosakhala dzina,
n'kugonanso.
Yotamu akaimba foni amafunsa,
"Afika angati tsopano, adadi?"
Ndimati ambiri, mwanawe, ambiri zedi,
kenaka ndimafunsa za ana.

Mawondo abwerera pantchito yawo yakale.
Lamanzere limayamba kuwerenga tikangodutsa njanji,
lamanja limadikira chitunda,
ndipo sanalakwitsepo, ngakhale mvula igwe bwanji.

Loweruka lililonse ndisanaviike kansanza
ndimakaveka kapepala ka buledi,
n'kumanga ndi mphira kawiri.
Esinati amaima pakhomo, manja m'chiuno:
"Mukufunditsa maliro kuti angazizidwe?"
Sindiyankha.
Ndimatenga mswachi,
n'kuyamba tcheni, dzino limodzi limodzi.
Takudzwa akandikodola masiku ano
ndimangoimba belu, n'kupitirira
ndi matope anga.